Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Phuma la Amayi

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe Amayi anayamba kulandira mankhwala a khansa a m'diripi, kamodzi pa masabata atatu alionse. Za kuthothoka tsitsi ndi mseru anatichenjezeratu. Za phuma mwina ananena, koma ine maganizo anali kwina.

Linabwera mozemba. Akachoka pabedi kupita kubafa ankaima pakhomo atagwira chitseko, ngati aiwala kanthu. Kenako nkhani zinayamba kufupika. Amayi anga akayamba kukamba simungawadule, koma tsopano anali mawu atatu, kupuma, mawu awiri, basi.

Usiku wina ndinawapeza atakhala tsonga m'mphepete mwa bedi, mapewa akukwera ndi kutsika, thukuta lili kamukamu. Ine mafunso kuwaunjikira. "Amayi, chavuta n'chiyani? Pakupweteka ndi pati? Ndiitane ndani?" Anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndili mwana ndikamalongolola. Patapita kanthawi anati: "Iwe, mpweya wokuyankha ndiutenga kuti?"

Kuchipatala anapeza zinthu ziwiri. Madzi anali atadzaza pakati pa phapo lakumanja ndi nthiti, moti phapolo linkasowa kofufumira. Magazinso anali atachepa, chifukwa mankhwala aja amafooketsa mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi, ndipo magaziwo ndi amene amanyamula mpweya m'thupi. Anawabaya singano kumsana, pakati pa nthiti, n'kutuluka madzi achikasu opitirira lita imodzi. Ndinkayang'ana botololo osakhulupirira kuti zonsezo zinali m'chifuwa cha munthu wowonda chonchija. Anawaonjezeranso magazi. Kwa masiku angapo nkhani zazitali zinabwerera.

Phuma silinatheretu. Apa m'pamene ndinalakwa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinali nditapeza kachipangizo kopanira kuchala, kaja koyeza mpweya m'magazi. Amayi akabanika ndinkathamangira komweko. Kankalemba 96, nthawi zina 97, ine n'kumati: "Amayi, onani, mpweya ulipo wokwanira." Ndinkati ndikuwalimbitsa mtima. Iwo ankamva ngati ndikuti akunama.

Anandiwongola ndi anamwino ena, mosakalipa. Anati munthu akhoza kubanika kwambiri manambala ali bwinobwino, ndipo mpweya wa m'botolo umathandiza makamaka amene manambala awo atsika. Anatenga kafani kakang'ono ka m'manja n'kuwalozetsa Amayi kumaso, cha pamphuno ndi pamasaya. Ndinatsala pang'ono kuseka. Khansa, ndiye kafani? Koma kamphepo kozizira kakamagunda nkhope, ubongo umachepetsa kuliza belu loti munthu akubanika. Anawaonetsanso kakhalidwe: kuweramira kutsogolo, mikono patebulo pamwamba pa pilo, mapewa omasuka, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono milomo itasongoka ngati akuuzira kandulo koma osafuna kuti izime.

Pa morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, ndinalimbana nawo adokotala. Ndinkaona ngati ndi mankhwala otsanzikira. Anandifotokozera kuti wochepa, womwa mwa muyezo, amachepetsa phuma, kungoti amatseka m'mimba, ndiye amapereka ndi ofewetsa. Amayi anamvetsera mkangano wonsewo n'kungoti, "Ndipatseni." Anandiuzanso adokotalawo zosadikira nazo kuche: phuma lobwera mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa, milomo kusintha mtundu, kapena thupi kutentha kufika madigiri 38.

Kuyambira pamenepo likabwera usiku ndinkatsekula zenera, kuwapatsa kafani, n'kukhala pambali pawo dzanja langa lili pamsana. Pakamwa tseke. Ndinkapuma pang'onopang'ono mwadala kuti azimva, ngakhale mtima wanga uli thithithi. Likadutsa ankandimenya pabondo kawiri, ine n'kuwakonzera mapilo atatu aja, poti chagada anasiya kugona.

Kachipangizo kaja ndinakaika m'dirowa, n'kumangokatulutsa m'mawa ndi madzulo. Za tsiku lomwe kanalemba 88 ndidzakamba m'gawo lotsatira.