Sabata yachisanu ndi chimodzi: magazi, fupa ndi mamililita

Pa ntchito yanga yophunzira, ndabwereranso ku zithunzi za CT (makina ojambula mkati mwa thupi m'magawomagawo) zochokera pa PhysioNet, tsamba la pa intaneti losungirapo deta ya zachipatala. Ndi za odwala 82, pomwe 36 mwa iwo magazi anatayikira m'mutu. Cholinga sichinasinthe: kompyuta izilemba malire a magaziwo, kenako izinena kuti ndi mamililita angati.

Ndinayamba ndi njira yachidule mu 3D Slicer, pulogalamu yoonera ndi kulemba malire pa zithunzi zachipatala. Pa CT chilichonse chili ndi nambala yake ya Hounsfield, yosonyeza kuchuluka kwa momwe chimatsekerezera cheza cha X-ray. Madzi ndi 0, ubongo umakhala cha m'ma 30 ndi 40, magazi ongoundana kumene amapitirira 50, pomwe fupa limafika m'mahandiredi. Ndiye ndinauza kompyuta itole zonse za pakati pa 50 ndi 90. Magazi inatola ndithu, koma inatolanso kamzere kopyapyala kozungulira mkati mwa chigaza, pomwe kadontho kamodzi ka chithunzi kamagwira fupa ndi ubongo pamodzi n'kutulutsa nambala yapakati. M'mphepete mwa pineal gland, kachiwalo kakang'ono ka mkati mwa ubongo, namonso munalowa, chifukwa mumaunjikana kashiamu ngakhale mwa anthu athanzi. Ndinafufuta pamanja mpaka maso kuwawa.

Chomwe chandigwira mtima ndi china. Wodwala wina magazi ake ankaoneka ochuluka, koma kompyuta inati mamililita 7 okha. Nditayeza ndi njira ya madokotala ya ABC/2, yochulukitsa utali, mulifupi ndi kuya n'kugawa pawiri, ndinapeza pafupifupi 38. Vuto linali langa. Mu pulogalamu ndinalemba ngati gawo lililonse la chithunzi ndi lokhuthala milimita 1, chonsecho zithunzizi n'za mamilimita 5. Nditakonza, zinabwera 35.

Ndinakhala chete kwa kanthawi. Pa ICH score, muyeso womwe madokotala amaonera kuopsa kwa matendawa, malire ali pa mamililita 30. Nambala imodzi yoiwalika inamuika munthuyu mbali yolakwika ya malirewo. Zanga n'zophunzira chabe, palibe wodwala akudikira yankho langa, komabe kuyambira pano pulogalamu iziwerenga yokha kukhuthalako kuchokera mu fayilo, ine ndisamalembenso pamanja.

Kusiyana kwa 38 ndi 35 sikukundidetsa nkhawa. ABC/2 imatenga magazi ngati oumbika ngati dzira, ndiye akakhala okhotakhota imakonda kuwonjezera.

Sabata yamawa ndiyamba kuphunzitsa U-Net, pulogalamu yomwe imaphunzira kulemba malire pa zithunzi poona zitsanzo. Mantha anga ali pa magazi opyapyala otsamira chigaza, omwe ngakhale ine ndimawaphonya ndisanasinthe kuwala kwa chithunzi.