Giya ya boti ndi dzanja langa pa Chiromo

Kwathu ku Makhanga mwana amagwira nkhafi asanagwire pensulo. Choncho atandisankha kukaphunzira kuyendetsa boti la injini lopulumutsira anthu madzi akasefukira, mumtima ndinkati ndikungokatenga satifiketi. Amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kufunika kwa boti lotere, koma za madzi a Shire ndinkadziona ngati katswiri kale.

Boti lophunzirira si la injini yopachika kumbuyo ngati ma Yamaha amene timawaona pamadoko. Injini yake ili m'kati ngati ya galimoto, ndipo kumbuyo kumatuluka mwendo wokhala ndi magiya ndi pulopela. Mtundu umenewu amautcha stern drive, ndipo wathu ndi MerCruiser Alpha One.

Tsiku lachitatu tinali pa Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. Ndinabwera kudzakocheza motsatira madzi, liwiro lili ndithu. Nditaona gombe likundithamangira, ndinakoka chogwirira cha giya kuchoka kutsogolo mpaka m'mbuyo kamodzin'kamodzi. Kunamveka kuti gu! boti lonse n'kunjenjemera. Aphunzitsi athu, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito panyanja, sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, mwendo umenewu saugulitsa pa Bangula."

Mawa lake ndinapitirira mbali inayo. Chifukwa cha mantha ndinkakankha chogwirira pang'onopang'ono ngati ndikusisita mwana, ndipo pansi pankamveka kerekerekere. Ine ndinkati ndikusamala, osadziwa kuti ndikuwononganso.

Apa mpamene panali phunziro lenileni. M'munsi mwa mwendo wa Alpha One muli kachitsulo ka mano kotchedwa dog clutch, kamene kamatsetsereka n'kukaluma giya yakutsogolo kapena yam'mbuyo. Magiya awiriwa amazungulira nthawi zonse injini ikamalira. Ukalowetsa mwaulesi, mano amangopsopsonana ndi kudumphana, nsonga zake n'kumaperepeseka, mpaka tsiku lina giya idzayamba kutuluka yokha uli pakati pa mtsinje ndi anthu. Ukalowetsanso injini ikulira mokweza, nkhonya yonse imagwera mano omwewo, majoini opindika a shafti, ndi kapulingi yolumikiza injini ndi mwendo. Ndiye mankhwala ake ndi awiri oyenda pamodzi: injini itsike ifike pa aidolo, pamene imangolira osaiponda moto, cha m'ma 600 kapena 700 rpm (kuzungulira kwake pa mphindi imodzi), kenako dzanja lilowetse giya mwachangu ndi motsimikiza. Pochoka kutsogolo kupita m'mbuyo, uyambe waima pa nyutulo, pulopela ipume. Ine ndimawerenga chamumtima mpaka katatu.

Palinso kaswichi kamene kamadula moto wa injini kamphindi kochepa pochotsa giya, kuti mano amasuke. Nditamva injini ikuchita ngati ikutsamwa ndinkayesa yawonongeka, pomwe ndi mmene anaipangira. Ma stern drive ena, monga ma Bravo ndi ma Volvo Penta ambiri, amagwiritsa cone clutch, imene ilibe mano ndipo imalowa mofewa, koma nayonso sifuna kukakamizidwa injini ili pamwamba.

Madzulo aphunzitsi anamasula kabawuti kothirira oyilo pansi pa mwendo, natiuza tione. Tinyenyeswa tachitsulo tonga ufa si vuto lalikulu, koma tizidutswa tooneka ndi maso ndi mano amene akutha. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Wathu anali bwino. Ndinapuma.

Za kuyenda pang'onopang'ono, chimene chinandivuta kuvomereza n'chakuti boti limakhota ndi matako. Ukapotoza chiwongolero, kumbuyo n'kumene kumatayikira mbali, ndipo pa nyutulo chiwongolero chimakhala ngati chagona chifukwa chokhotetsa ndi mphamvu ya pulopela. Lamulo la aphunzitsi ndi lakuti chiwongolero choyamba, giya pambuyo: potoza, lowetsa kamphindi, tulutsa, dikira uone. Ndipo pokocheza mphuno iyang'ane kumene madzi akuchokera, mtsinjewo ukhale buleki. Chondichititsa manyazi n'chakuti pa bwato la agogo ndakhala ndikuchita zimenezi moyo wanga wonse. Phokoso la injini ndi limene linandiiwalitsa.

Shire wakumunsi kuno ali ndi misampha yakeyake. Mchenga umasamuka mvula iliyonse, ndipo namasupuni wochokera ku Elephant Marsh amakulunga pulopela ndi kutseka timabowo tokokera madzi oziziritsa injini. Pamadzi osaya timakweza mwendo pang'ono, koma ukaukweza kwambiri uku ukuponda moto, majoini aja amalira. Namasupuni akakola, timazimitsa injini kaye, ndipo timachotsa ndi ndodo ya ngowe. Dzanja m'madzi ayi, ng'ona za kuno sizidziwa kuti ndiwe wopulumutsa anthu.

Chomwe chikundikanikabe ndi kubwerera m'mbuyo mowongoka. Pulopela imakokera matako kumanzere, madzi akukankhira kwawo, ndipo dzulo ndinakathera m'bango kawiri anzanga akuseka pagombe. Aphunzitsi ati Lolemba tibwerezanso m'mamawa, mphepo isanadzuke.