Za Perpetua ndi Felicitas

Abale lero pa 7 March tikukumbukira Perpetua ndi Felicitas, enafe timangowamva maina awa pa ubatizo osadziwa kuti anali azimayi a mu Africa mommuno, ku Carthage komwe pano ndi Tunisia. Anaphedwa m'chaka cha 203 chifukwa chokana kusiya Chikhristu. Perpetua zaka 22 zokha, khanda likuyamwa, bambo ake kubwera kundende kumuchonderera kuti angopereka nsembe ya Aroma apulumuke koma iye anakanitsitsa. Felicitas anali kapolo woyembekezera, anachirira mundende momwemo, masiku ochepa chabe anawaponya m'bwalo ng'ombe yolusa kuwagunda kenako lupanga, eee zomvetsa chisoni. Nde ena mumati Akatolika timapembedza oyera, ayi, timangowapempha atipempherere, maina awo timawatchula mpaka pa Misa.