Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Usipa wa amayi

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinabwerako ku India atandidula chifu. Kwa amene mwayamba kuwerenga lero, opaleshoni yochepetsa kunenepa imeneyi amaitcha sleeve gastrectomy. Amachotsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a chifu, chotsalacho n'kukhala ngati nthochi. Ndinavomera chifukwa shuga ndi BP zinali zitanditopetsa, maondo nawo akukana kundinyamula.

Nditafika kwathu ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu, ndinapeza amayi abwera kuchokera ku Dedza, atanyamula thumba la ufa woyera ndi nkhuku ziwiri zachikuda. Madzulo omwewo anaphika nsima, n'kundiomolera mitanda iwiri.

"Amayi, a dokotala anandiletsa. Panopa ndi zamadzimadzi zokha."

"Mwana wanga, wodwala amadzuka ndi nsima. Msuzi wokha ungakuimike?"

Anaibweza mbaleyo ku khitchini osayankhulanso. Usiku ndinawamva akupemphera kuchipinda, akutchula dzina langa.

Pepala limene anandipatsa katswiri wa zakudya kuchipatala kuja linanena kuti tsiku lililonse ndizipeza mapuloteni okwana magalamu 60 mpaka 80. Mukamva choncho zimaoneka zochepa. Koma dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, kapu ya mkaka magalamu 8. Ndiye kuti mazira 10 pa tsiku, pomwe ine dzira limodzi lofewa ndinkalidya theka la ola, nthawi zina osalimaliza. Chinandithandiza poyamba ndi zitini ziwiri za whey, ufa wa mapuloteni wochokera ku mkaka, zimene ndinabwera nazo. Supuni imodzi yoyezera, yobwera m'chitinimo, imapereka mapuloteni oposa magalamu 20. Zitatha ndinazungulira m'tauni muno, ndipo yomwe ndinaipeza mtengo wake unandibweza. Ina inali ya anyamata a ku jimu yofuna kunenepetsa, yodzadza shuga. Chonde muziwerenga kuseri kwa chitini musanalipire.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Atandilola zakudya zofewa ndinabwerera ku phala ndi kansima kofewa, chifukwa zimatsika bwino ndiponso amayi ankasangalala. Kachifu kaja kakadzadza ndi mbamu zitatu, malo a ndiwo panalibenso. Mwezi wachinayi ndinayamba kutopa ngakhale pongoyanika zovala. Tsiku lina ndikupesa ndinaona tsitsi ladzadza chipeso, lina lili mbwee pa chitenje. Ndinakhala pansi n'kulira. A dokotala anandiuza pa foni kuti tsitsi limathothoka ndithu munthu akamatsika sikelo mofulumira, koma kuperewera kwa mapuloteni ndi ayironi kumawonjezera vutolo. Anatinso thupi likasowa zomangira limayamba kudya minofu yake yomwe.

Amayi anamva zonsezo, poti foni ndinaika pokweza. Sananene kanthu. M'mawa mwake, kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kuno, anafunda chitenje kumutu n'kupita kumsika. Anabwerako ndi usipa wouma wa ku Nkhata Bay. Anakhala pamkeka kukhonde, kuusankha umodziumodzi, kuutsuka mchenga, kuuyanikanso, kenako kuukazinga pang'ono m'chiwaya chopanda mafuta. Atatero anabwereka mtondo kwa aneba. Anasinja, kusefa, kusinjanso zotsala m'sefa, mpaka unasanduka ufa wosalala ngati nsinjiro. Anauthira m'botolo la khofi lotha n'kundipatsa.

"Ufa wa azungu uja watha. Uwu sutha, nyanja ili pafupi."

Ndinakafufuza, ndipo anali asanalakwe. Nsomba zing'onozing'ono zikauma, zoposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Magalamu 20 a ufa umenewu amandipatsa oposa 10. Komanso poti timasinja ndi minga yomwe, kashiamu amabwera momwemo. Ndinayamba kuuthira m'msuzi wa tomato, m'mazira, ngakhale m'maungu opota. Fungo lake masiku oyamba linkandichititsa nseru, koma mandimu pang'ono anathetsa nkhaniyo.

Zina ndinaziphunzira pang'onopang'ono. Soya pieces zouma pafupifupi theka lake ndi mapuloteni, bola kuziphika mpaka zifewe. Chambiko ndimathiramo mkaka waufa. Nyemba ndimapota n'kuchotsa makoko. Nsinjiro ndimathira pang'ono chifukwa mafuta ake amandilemera. Nyama ya ng'ombe inanditengera nthawi yaitali, inkangoima pachifuwa.

Usipa sulowa m'malo mwa mapilitsi, zimenezi ndinene momveka. Mavitamini ndimamwa tsiku lililonse ndipo anandiuza kuti ndi moyo wonse, makamaka B12, poti chifu chodulidwa sichithandizanso thupi kuyamwa vitamini ameneyu mokwanira. Ayironi ndi kashiamu sindimwera pamodzi, ndimasiyanitsa ndi maola awiri, ndipo ayironi sindimwera tiyi. Madzi ndimadikira mphindi 30 nditadya. Ichi chokha amayi sanachimvetse msanga, poti kwathu kapu ya madzi imabwera limodzi ndi mbale.

Chinandivuta kwambiri si m'mimba, ndi m'mutu. Tinakula tikuuzidwa kuti ndiwo n'zongotsitsira nsima, ndipo mwana wothamangira ndiwo ankamenyedwa padzanja. Lero ndikuyenera kuyamba ndi ndiwo, kenako masamba, nsima pamapeto ngati malo alipo. Kumaliro ndi kuzinkhoswe anthu amandiyang'ana, ena n'kufunsa ngati ndikudwala matenda ena. Zimandipweteka, sindibisa.

Tsiku loti amayi abwerere ku Dedza anaphika nkhuku yachiwiri ija, yomwe inali itazolowera kale pakhomo. Anandiikira chidali chofewa m'kambale ka mwana, pambali pake nkhwani, ndi kansima kongokwana mbamu imodzi.

"Yamba nkhukuyo. Nsimayo ikakukanika usiye, ndidya ine."

Ndinawaperekeza kudepoti, ndipo basi isananyamuke anatulutsa mutu pawindo kundikumbutsa kuti mtondo wa eni ake ndikabweze. Gawo lotsatira ndidzakamba za tsiku limene ndinabwerera kuntchito.