Kupanga sidecar yolola njinga yamoto kupendekeka pakona

Sidecar ndi kangolo ka tayala limodzi komangirira m'mbali mwa njinga yamoto. Yomangirira zolimba imasandutsa njinga yamoto kukhala kagalimoto ka matayala atatu: siipendekekanso, ndipo mumaikhotetsa ndi mphamvu ya m'manja. Yomwe tikunena pano ndi ina. Njinga imapendekeka pakona monga mwa nthawi zonse, pomwe kangolo kam'mbali kamakhala chilili pa tayala lake. Nzeruyi ndi yakale ndithu. Mu 1913 Hugo Young wa ku Ohio adayamba kupanga ma sidecar omwe tayala lake linkapendekekera limodzi ndi njinga, koma masiku ano ambiri amatsata njira yosavuta ngati ya Armec Sidewinder ya ku Switzerland: kangolo kamalumikizidwa malo awiri okha kunsi kwa njinga, ndipo njingayo imagwedera pa malo awiriwo ngati chitseko pa mahinjesi.

Ntchito yonse yagona pa malo awiriwa. Ayenera kukhala pakatikati pa njinga, pa mzere womwe matayala awiri amapondapo, komanso pansi momwe mungathere. Mukawaika m'mbali mwa felemu, kulemera kwa kangolo kumakokera njinga mbali imodzi ulendo wonse. Mukawakweza kwambiri, njinga ikangopendekeka katunduyo amaikankhira pansi ndipo kuidzutsa kumavuta. Komabe siyani masentimita 12 kapena kuposerapo kuchoka pansi, ndipo muyeze woyendetsa atakhalapo, chifukwa mashoko amatsika.

Cholumikizira chakutsogolo chikhale pamwamba pang'ono kuposa chakumbuyo. Njinga ikapendekeka, malo okwera amasuntha kwambiri kuposa otsika, choncho mphuno ya kangolo imalozera yokha komwe mukukhotera, kaya kumanja kaya kumanzere. Tiwerengere: zolumikizira zikatalikirana masentimita 90, chakutsogolo n'kukwera ndi masentimita 5, njinga yopendekeka madigiri 30 imasunthira kutsogoloko masentimita 2.5 kuposa kumbuyo, ndipo tayala la kangolo limakhota pafupifupi digiri imodzi ndi theka. Zikuoneka zochepa, koma tayala limasiya kukhulika pamsewu. Mukalakwitsa n'kukweza chakumbuyo, kangolo kamalimbana nanu pakona iliyonse.

Njinga zambiri zilibe chitsulo cholimba kunsi kwa injini, ndiye pamafunika kafelemu kena kodutsa pansi. Paipi ya makona anayi ya 40 × 40 mm, yochindikala 3 mm, imakwanira pa njinga zapakati. Muimange ndi mabawuti pomwe pamangiriridwa injini ndi pomwe pamakhala sitandi yapakati, yomwe nthawi zambiri imayenera kuchoka. Musawotcherere pa felemu ya njinga, makamaka ya aluminiyamu, chifukwa kutentha kumaifewetsa ndipo imadzang'aluka pambali penipeni pa chowotchereracho. Siyaninso mpata wofikira pa bawuti yokhuthulira oilo. Ambiri amakumbukira zimenezi atapenta kale.

Pa zolumikizira gwiritsani ntchito ma rod end (zitsulo zamazinga zokhala ndi kampira kozungulira kumutu, momwe mumadutsa bawuti) a saizi ya M16, mabawuti a giredi 8.8 kapena 10.9, ndi manati osamasuka okha. Bawuti igone motsata utali wa njinga, kuloza kutsogolo ndi kumbuyo, kuti njinga izizungulira pa bawutiyo. Mukaiimika choongoka, kampira kam'kati kamangopendekeka madigiri pafupifupi 15 n'kugunda, ndipo pakona yoyamba yamphamvu mudzapinda bawuti kapena kuthyola rod end. Bawuti iliyonse idutse m'makutu awiri a chitsulo chochindikala 6 mm, rod end ili pakati. Khutu limodzi limapinda.

Tsopano mpata pakati pa njinga ndi kangolo, pomwe ambiri amaumira pofuna kuti chinthucho chisatambalale. Handulo yotalika mita imodzi kuchoka pansi, yotuluka masentimita 38 kuchoka pakati, imafika pafupifupi masentimita 88 m'mbali njinga ikapendekeka madigiri 35, ndipo imatsika mpaka masentimita 60. Chilichonse chotalika kuposa pamenepo m'dera limeneli chidzagundana ndi dzanja lanu. Bondo nalo likufuna malo ake. Musanawotcherere mikono yochoka pa kangolo kupita ku zolumikizira zija, pangani bodi yoyesera ya makatoni, anthu awiri agwire njinga, muipendeketse woyendetsa ali pompo, kenako mupotoze handulo mbali zonse. Onaninso kuti ekisozi, chopondera ndi sitandi yam'mbali sizikugunda mikonoyo. Sitandi imakhala kumanzere, ndipo m'mayiko omwe magalimoto amayenda kumanzere kangolo nakonso kamakhala komweko, kotero mkono wakumbuyo uyenera kuilambalala. Ikani kachidutswa ka labala koimitsa njinga isanakanikize mwendo pa bodi.

Tayala la kangolo likhale patsogolo pa ekiselo yakumbuyo ndi masentimita 25 mpaka 40. Pogwiriziza tayalali, swingarm (chitsulo chogwira tayala lakumbuyo) ya kanjinga kakang'ono imagwira bwino ntchito, bola shoko ikhale yofewa, popeza yolimba imadumphitsa kangolo kopanda katundu. Tayalalo lilozere pang'ono mkati: ikani mapaipi awiri owongoka, ina motsamira tayala lakumbuyo la njinga, ina la kangolo, ndipo mpata wakutsogolo uchepe ndi mamilimita 5 mpaka 10 poyerekeza ndi wakumbuyo. Mumasintha pongopotoza rod end. Tayala likamadyeka msanga, bwererani pamenepa.

Mafoloko ndi matayala a njinga musasinthe. Matayala afulati ndi a sidecar yomangirira zolimba, pano mukufunabe obulungira. Kumbukiraninso kuti njingayi imagwa mukaima osaponda pansi.

Poyesa koyamba, pamalo opanda magalimoto, ikani thumba la mchenga la makilogalamu 30 pansi pa kangolo, pafupi ndi tayala lake. Mukaponda moto kangolo kamatsalira n'kukokera njinga kumbali kwake, mukamanga mabuleki kamapitirira n'kuikankhira kwina, ndiye yambani pang'onopang'ono mpaka thupi lizolowere. Katundu wosanjikiza m'mwamba amatha kunyamula tayala la kangolo mukakhotera mbali yake mothamanga. Mukayenda makilomita 50 oyamba, mangitsaninso mabawuti onse, gwedezani ma rod end kuti mumve ngati ayamba kusewera, ndipo unikani m'mbali mwa makutu achitsulo aja ngati pali kamzere ka dzimbiri, chifukwa mng'alu umayamba kuoneka choncho.