Msomali m'madzi a buluu: mmene ndinaphunzirira kuwerenga activity series kuchokera pansi

Pa mayeso a mock a Fomu 4 panabwera funso la mamalikisi awiri okha. Linati tisanje ma ion anayi (ma atomu a zitsulo amene ataya ma electron), Mg²⁺ wa magnesium, Cu²⁺ wa mkuwa, Zn²⁺ wa zinki ndi Ag⁺ wa siliva, kuyambira oxidising agent (wolanda ma electron) wamphamvu kwambiri. Activity series, mndandanda wa zitsulo kuyambira chopereka ma electron mosavuta kwambiri, ndinali nditailoweza pamtima: potassium, sodium, calcium, magnesium, aluminium, zinki, ayironi, mtovu, hydrogen, mkuwa, siliva, golide. Ndiye ndinayamba ndi Mg²⁺ n'kumalizira Ag⁺. Pepala litabwera ndinapeza andikhwatcha, ndipo zinandiwawa chifukwa mutu umenewu ndinauwerenga usiku wambiri.

Ndinawatsatira aphunzitsi athu a Chemistry kukafunsa pomwe ndalakwa. Anayang'ana pepala nati, "Mndandanda ukuudziwa, koma iwe wayankha za chitsulo pomwe funso likufunsa za ion. Loweruka ubwere ndi anzako. Mutenge misomali yatsopano, waya wa mkuwa ndi mabatire a tochi akutha."

Tinabwera anayi. Ntchito yoyamba inali yokonza zitsulo, ndipo inatidyera nthawi kuposa zonse. Misomali iwiri aphunzitsi anaikana chifukwa inali yokutidwa ndi zinki, ngati ija yokhomera malata. Zinki tinamupeza posenda mabatire wamba a zinc-carbon, chifukwa chigoba chake ndi zinki. Phala lakuda la m'kati tinalichotsa titavala magolovesi. Magnesium anali wa mu labu, kalamba kopyapyala kotuwa. Chilichonse tinachipala ndi sandipepala mpaka kuwala. Musadumphe kupalaku. Chitsulo chikakhala ndi chikanga cha oxide pamwamba, madzi sachifika, ndiye mulemba kuti palibe chachitika pomwe vuto ndi chikangacho.

Kenako tinasungunula mchere wa mitundu inayi: magnesium sulphate, zinc sulphate, iron(II) sulphate ndi copper(II) sulphate. Wa ayironi tinausungunula nthawi yomweyo chifukwa ukakhalitsa pampweya umasanduka wa bulauni, Fe²⁺ atasintha kukhala Fe³⁺. Pabolodi tinajambula tebulo, zitsulo m'mbali, madzi pamwamba. Chitsulo sitinachiviike m'madzi a mchere wake womwe, choncho ma test tube onse anakwana 12.

Chomwe sindidzaiwala ndi msomali m'madzi a buluu a copper sulphate. Ndinauviika theka, ndipo pasanathe mphindi ziwiri mbali yomira inali itafiira ngati waya wa magetsi. Ndinauvuula n'kupukuta ndi kapepala, mkuwa wofewa unatsalira pakapepalapo. Titausiya mpaka masana, buluu uja anazilala, madzi n'kuyamba kubiriwira pang'ono. Aphunzitsi anandifunsa kuti, "Mkuwawu wachokera kuti?" Ndinati m'madzimo. "Nanga m'madzimo unali wotani?" Unali Cu²⁺, ion yosowa ma electron awiri. Yawalanda kwa ayironi wa msomali n'kubwerera kukhala chitsulo, pomwe ayironi wasungunuka kukhala Fe²⁺, ndiye kubiriwira kuja. Ndinalemba ndekha pabolodi: Fe + Cu²⁺ → Fe²⁺ + Cu. Wolandayo, Cu²⁺, ndiye oxidising agent.

Zotsalazo zinayenda mwachangu. Magnesium anasintha m'madzi onse atatu, ndipo mu copper sulphate test tube inafunda, tinthovu tikutuluka. Zinki anada mu copper sulphate msangamsanga, koma mu iron sulphate anachedwa. Waya wa mkuwa unangokhala phee monsemo. Silver nitrate inali yochepa, m'kabotolo kakuda kobisidwa mu kabati poti kuwala kumaiwononga, ndiye tinangoyesa ndi mkuwa wokha. Pawaya panamera tisingano tonyezimira ta siliva ngati ndevu, madzi oyera aja n'kuyamba kusanduka buluu. Mnzanga wina inamudonthera pachala, banga lakuda linakhala masiku angapo.

Apa m'pamene panagona nkhani. Tebulo lomwelo limawerengeka pawiri. Mukatsata chitsulo chilichonse, magnesium ali ndi zochonga zitatu m'madzi a sulphate, zinki ziwiri, ayironi chimodzi, mkuwa alibe. Imeneyo ndi activity series ija ndinaloweza, mphamvu yopereka ma electron. Koma mukatsata madzi, Mg²⁺ sanalande kwa aliyense, Zn²⁺ analanda kwa magnesium yekha, Fe²⁺ kwa awiri, Cu²⁺ kwa atatu, ndipo Ag⁺ analanda ngakhale kwa mkuwa amene anakaniza ena onse. Yankho la pa mock linayenera kukhala Ag⁺, Cu²⁺, Zn²⁺, Mg²⁺.

Ine ndimazimva chonchi. Magnesium ali ngati mayi amene watula mtolo wa nkhuni wolemera: wapuma, ndipo sauthamangiranso kuti ausenze. Siliva ali ngati munthu amene anabwereketsa ndalama mokakamizika, m'mamawa ali kale pakhomo kulonjerera. Chitsulo chopereka mosavuta chimasiya ion yofooka pa kulanda, chitsulo choumira chimasiya ion yolusa.

Titatsuka ma test tube, aphunzitsi anatsegula buku pa tsamba la standard electrode potential, muyeso wa mphamvu yolanda ma electron mu ma volt (V), kuti tione zomwezo m'manambala. Mg²⁺ ali pa −2.37 V, Zn²⁺ pa −0.76 V, Fe²⁺ pa −0.44 V, H⁺ pa 0.00 V, Cu²⁺ pa +0.34 V, Ag⁺ pa +0.80 V. Nambala ikamakwera kulowera ku positive, mphamvu yolanda imakulanso. Pakati pa zinki ndi mkuwa pali 1.10 V, yomwe ndi mphamvu ya selo (batire) imene John Frederic Daniell anapanga mu 1836 ndi zitsulo ziwiri zomwezi. Chenjerani ndi chizindikiro cha negative: −2.37 ndi yaing'ono kuposa −0.76, ndipo ambiri timagwa pomwepa.

Ndinali nditabweretsanso kachidutswa ka poto wakale wa aluminium. M'mndandanda aluminium ali pamwamba pa zinki, pa −1.66 V, ndiye ndinayembekezera kuti afiira msanga kuposa msomali. Anangokhala duu mu copper sulphate. Ndinayamba kukayikira zonse, koma aphunzitsi anatapa mchere wa patebulo n'kuthiramo pang'ono. Posakhalitsa tinthovu tinayamba, mkuwa n'kumera pachidutswacho. Chikanga cha oxide cha aluminium n'cholimba ndipo chimabwerera mukangopala, koma chloride wa mumchere amachiboola. Mndandanda sunaname, kungoti sunena kuti zinthu zichitika mwachangu bwanji.

Pokonzekera MSCE, funso lotere ndinkalitenga motere. Ndimayamba ndayang'ana ngati andipatsa zitsulo kapena ma ion, n'kudula mzere pansi pa charge (ka + kapena ²⁺ kapamwamba kaja). Ndimalemba activity series m'mbali mwa pepala, ndi muvi wokwera wa zitsulo zopereka komanso muvi wotsika wa ma ion olanda. Ndikakayika, ndimadzifunsa zomwe zingachitike nditaviika chitsulo ichi m'madzi a ion iyo, monga tinachitira Loweruka lija.

Charge imeneyo muziiyang'anitsitsa pa chifukwa chinanso. Activity series imanena za ion ikamabwerera kukhala chitsulo, monga Fe²⁺ kupita ku Fe. Fe³⁺ ndi nkhani ina. Ikamalandira electron imodzi kukhala Fe²⁺ imakhala pa +0.77 V, nambala yoposa ya Cu²⁺, ndiye imatha kulanda kwa mkuwa ngakhale ayironi ali pamwamba pa mkuwa m'mndandanda. N'chifukwa chake opanga ma circuit board amagwiritsa ntchito iron(III) chloride kusungunula mkuwa wosafunika pabolodi.