Mmene tinalembetsera bungwe la mabanja a ana odwala himofiliya ku Blantyre

Ndalama yoyamba imene munthu wakufuna kwabwino anafuna kutipatsa sinatifike, chifukwa tinalibe poilandirira. Tinali mabanja ochepa amene tinadziwana pa benchi ku Gulupu, aliyense akudikira dokotala ndi mnyamata wake wotupa bondo kapena chigongono. Zomwe tinali nazo ndi gulu la pa WhatsApp ndi kope losonkhera ya minibasi. Munthuyo atafunsa akaunti ya bungwe, mmodzi wa ife anatchula nambala yake ya Mpamba. Anaseka mwaulemu, n'kunena kuti tikalembetsa tidzamuuze.

Ine ndinalowamo ngati malume. Wodwala ndi mwana wa achemwali anga. Himofiliya ndi matenda obadwa nawo amene magazi amachedwa kuundana, chifukwa m'thupi mukusowa chimene madokotala amachitcha factor. Osowa factor VIII ali ndi himofiliya A, imene imapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa 5,000 obadwa, ndipo osowa factor IX ali ndi himofiliya B, yosowa kuposa pamenepo. Anthu amaganiza za bala la mpeni, koma choopsa kwenikweni ndi magazi otayikira m'kati, m'mawondo, m'zigongono, mu akakolo, nthawi zina m'mutu. Matendawa amayenda kudzera kwa mayi. Mayi amene ali nawo m'magazi, mwana wake aliyense wamwamuna akhoza kubadwa nawo kapena ayi, mwayi wake ndi theka kwa theka. N'chifukwa chake mukafufuza bwino m'mabanja ambiri mumamva za malume wina amene sanabwereko ku jando, kapena amene anatha magazi atazula dzino. Koma pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amabadwa nawo kubanja kumene sanamvekeko n'kale lonse, ndipo kumeneko n'kumene nkhani za ufiti zimakula msanga.

Njira zolembetsera zilipo zingapo. Magulu ang'onoang'ono a m'madera amalembetsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma. Ena amatsegula kampani yosapanga phindu. Ife tinasankha lamulo la matrasti la 1962, la Trustees Incorporation Act, chifukwa anthu athu si a dera limodzi: ena amachokera ku Ndirande ndi ku Bangwe, ena ku Chikwawa, Thyolo ndi Mulanje. Lamuloli limasandutsa matrasti, anthu osankhidwa kuyang'anira bungwe ndi katundu wake, kukhala ngati munthu mmodzi pamaso pa malamulo. Bungwe limatha kukhala ndi akaunti ndi katundu m'dzina lake, kusumira kapena kusumiridwa, ndipo silifa wapampando akamwalira.

Kusankha matrasti n'kumene kunatidyera nthawi kuposa mapepala onse. Maganizo oyamba a anthu anali oti tipeze mabwana odziwika, maina awo akatitsegulire zitseko. Tinayesadi. Bwana wina anatilandira bwino mu ofesi mwake, anamvetsera nkhani yonse, kenako anafunsa kuti alawansi ya msonkhano ndi zingati komanso ya mafuta timapereka bwanji. Sindimuweruza kwambiri, ndi mmene misonkhano yambiri imayendera muno. Koma trasti wa bungwe ngati lathu salipidwa. Akayendera ntchito ya bungwe timamubwezera ya minibasi atabweretsa umboni, basi. Tinagwirizana kuti nkhaniyi tiziyamba nayo tisanafotokoze china chilichonse, ndipo mndandanda wa maina unafupika wokha.

Amene tinkawafuna kwambiri ndi amene ankakana. Mayi wina wa ku Bangwe, wogulitsa tomato, amadziwa kuti mwana wake wayamba kutaya magazi m'bondo bondolo lisanatupe, pongoona mmene akupondera. Titawapempha anati, "Ayi achimwene, ine sukulu sindinapite nayo patali, zosainasainazo ndi za inu ophunzira." Namwino wina wopuma pa ntchito amene tinali naye anawayankha kuti, "Mayi, zolembazo tilemba ndife. Koma tikadzayamba kugula mipando ya mu ofesi ana akusowa ya thiransipoti, adzatiletse ndani?" Anavomera. Pamapeto pake tinakhala asanu ndi awiri, nambala yosagawika pakati kuti mavoti asamafanane: amayi awiri, bambo mmodzi wamkulu amene ali ndi matendawa iye mwini, namwino uja, mphunzitsi, mtsikana wophunzira zamalamulo, ndi ine amene ndinapatsidwa usungichuma chifukwa ndinagwirapo ntchito yowerengera ndalama. Dokotala wa ana athu anakana kukhala trasti, anati azitilangiza ali kunja. Panthawiyo tinakhumudwa, koma anaona patali, monga muonere m'munsimu.

Kenako malamulo oyendetsera bungwe. Loya anatipatsa chitsanzo cha Chingerezi chokhala ndi mitu yonse yofunika: dzina, zolinga, kasankhidwe ndi kachotsedwe ka matrasti, chiwerengero chofunika kuti msonkhano uchitike, kasungidwe ka ndalama, ndi zochita bungwe likatha. Tikanatha kungosintha dzina n'kusaina. Mtsikana wa zamalamulo uja anaumirira kuti tiwerenge ndime iliyonse m'Chichewa, mokweza, aliyense ali pompo. Tinkakumana Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ina ku Chilomoni, titadzipanikiza pa madesiki a ana.

Ndime yonena za kutha kwa bungwe inadabwitsa ena. Katundu wotsala sagawidwa kwa mamembala, amapita ku bungwe lina la zolinga zofanana. Bambo wina anafunsa kuti nanga zimene tasonkha ife eni ake? Yankho n'lakuti ndalama ikalowa m'bungwe yasiya kukhala yanu. Zinamveka zowawa, koma zinadutsa.

Pamene panavuta ndi pa mankhwala. Factor ndi wodula kwambiri, ndipo mayiko ngati lathu amadalira kwambiri wopatsidwa, monga amene amachokera ku World Federation of Hemophilia, bungwe limene linayamba mu 1963 ku Montreal. Mabotolo akakhala ochepa, wina ayenera kusankha kuti abayidwe ndani. Tsono ganizani: mwa matrasti asanu ndi awiri, anayi tili ndi wodwala pakhomo kapena m'thupi. Mayi mmodzi ananena poyera zimene tonse tinkaganiza: "Ine mwana wanga akamalira usiku, botolo lili m'furiji mwanga, musandinamize kuti ndidzaganiza za mwana wa ku Chikwawa." Palibe anamutsutsa. Tinalemba kuti bungwe silidzasunga kapena kugawa mankhwala. Chilichonse chimene tingathandize kupeza chizipita ku famase ya chipatala, ndipo wosankha ndi dokotala, poona amene ali pangozi. Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chake dokotala uja sanafune kukhala pa tebulo limodzi ndi ife. Palinso zifukwa zina zomveka: mankhwala olowa m'dziko amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, ndipo factor amafuna malo ozizira bwino, osati furiji ya pakhomo imene imazima ndi magetsi.

Tinawonjeza ndime ina, yoti nkhani ikakhudza banja la trasti, iyeyo azituluka panja mpaka anzake atamaliza kukambirana, ndipo mlembi azilemba m'maminitsi kuti anatuluka. Ine ndinatulukapo kale, tsiku limene ankakambirana za ndodo zoyendera za mwana wa achemwali. Kuima pakhonde anzako akukamba za m'bale wako si chinthu chokoma. Koma ndikakumana ndi makolo ena pa benchi paja ndimawayang'ana m'maso.

Mapepala enieniwo si ambiri. Tinapereka ku ofesi ya Registrar General kalata yopempha, malamulo athu osainidwa, maminitsi a msonkhano umene unasankha matrasti, maina athu ndi maadiresi ndi ntchito zathu, komanso chithunzi cha chidindo cha bungwe. Chidindocho mumakadulitsa nokha m'tauni, ndipo dzina lake lifanane ndendende ndi la m'malamulo, loyamba ndi mawu akuti The Registered Trustees of. Zolumbira zimasainidwa pamaso pa Commissioner for Oaths, amene nthawi zambiri ndi loya kapena majisitireti. Chenjerani ndi maina. Mmodzi wa amayi athu timamudziwa ndi dzina la amuna ake, m'maminitsi linalembedwa lomwelo, koma pa chiphaso cha unzika pali la bambo ake omubereka. Loya anaziona tisanapereke, tinalembanso tsamba lonse n'kusainanso tonse. Msonkhano woyamba uzani aliyense abwere ndi chiphaso chake, mlembi azikopera kuchokera pamenepo, chilembo ndi chilembo.

Wovomereza ndi nduna ya zachilungamo, choncho mapepala amayenda ulendo wake satifiketi isanatuluke. Sungani risiti ndi kope la pepala lililonse limene mwapereka. Ife podikira tinayamba kaundula wa odwala: dzina, mtundu wa himofiliya ngati unayezedwa, chipatala chapafupi, ndi foni ya munthu amene amayankhadi usiku. Kaundulayu amaonedwa ndi namwino ndi mlembi okha. Pali amayi amene kuchimuna kwawo sakudziwa kuti matendawa amayenda ndi akazi, ndipo kuulula mwachisawawa kukhoza kuthetsa banja la munthu.

Satifiketi itatuluka zotsalazo zinayenda msanga. Nambala ya msonkho, TPIN, tinakatenga ku MRA. Kubanki anafuna satifiketi, malamulo, maminitsi ovomereza kutsegula akaunti, ziphaso ndi umboni wa kumene osainira amakhala. Umboni umenewu unavuta kwa mayi wa ku Bangwe, amene amachita lendi ndipo alibe bilu ya madzi m'dzina lake, koma kalata ya amfumu inathandiza. Osainira tilipo atatu, ndalama imatuluka pakasaina awiri, ndipo uthenga wa banki umapita pa foni ya wapampando, amene sasainira nawo. Zoti msungichuma azisainiratu macheke opanda kanthu kuti zinthu zifulumire tinazikaniratu.

Kulembetsa ngati matrasti sikukupangani kukhala NGO. Imeneyo ndi khomo lina, pansi pa lamulo la mabungwe omwe si aboma la 2001, limene linasinthidwa mu 2022 n'kukhazikitsa NGORA, bungwe loyang'anira ma NGO, m'malo mwa NGO Board. Kumeneko amafuna kuona mapulani a ntchito, kumene ndalama zizichokera, ndi mgwirizano ndi unduna woyenera, kwa ife wa zaumoyo. Mwa matrasti, awiri kapena kuposerapo akhale nzika za Malawi. Palinso CONGOMA, kumene mabungwe amakumanirana. Mukalowa, chaka chilichonse mumapereka lipoti la ntchito ndi la ndalama loonedwa ndi odita. Langizo langa kwa gulu laling'ono n'lakuti musathamangire khomo limeneli musanawerenge mtengo wake, chifukwa malipiro a odita okha akhoza kuposa ndalama zonse zimene mwagwiritsa ntchito pa odwala chaka chimenecho. Ife tinalowa chifukwa othandiza akunja amafunsa satifiketi imeneyi asanayambe n'kukamba komwe.

Ndalama yoyamba kulowa mu akaunti inapita ku zinthu ziwiri. China ndi thiransipoti, chifukwa mwana amene wayamba kutaya magazi m'bondo ku Nchalo safunika kudikira kuti bambo ake agulitse mbuzi. China ndi timakhadi tokutidwa ndi pulasitiki toti mwana aziyenda nako: dzina la matenda, mtundu wake, ndi chenjezo loti asapatsidwe asipirini kapena brufen, asabayidwe jakisoni wa m'mnofu popanda kufunsa, ndiponso asazulidwe dzino kapena kudulidwa chipatala chisanakonzekere. Panado ndiye amaloledwa. Ku zipatala zazing'ono wogwira ntchito akhoza kutha zaka osakumanapo ndi himofiliya, ndiye kakhadiko kamamuyankhulira mayi amene mwina sakanamvedwa. Pa 17 Epulo, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, timapita kukapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, popeza factor akasowa madokotala amadalira plasma, madzi a m'magazi, yochokera kwa opereka magazi.

Panopa tili pa ntchito yosintha trasti. Mphunzitsi wathu anapeza ntchito ku Johannesburg, ndipo dzina lake silingangofufutidwa ndi cholembera. Pafunika kalata yake yotula pansi udindo, msonkhano wosankha wina, maminitsi, kudziwitsa ofesi imene inatilembetsa, kenako kubanki chifukwa anali mmodzi wa osainira. Amene tikumufuna m'malo mwake ndi mnyamata wa zaka 24 wa ku Zingwangwa, wodwala himofiliya B, wokonza mafoni mu Limbe. Wavomera, koma wapempha kuti misonkhano ichoke ku kalasi ija, chifukwa masitepe ake bondo lake silingakwere. Nkhani ya malo atsopano ili poyamba pa ajenda ya Loweruka likubwerali.